Mapiritsi a progesterone andibwezera msambo, kodi ndiye kuti ndachira?

Wofunsa

Moni nonse a pagulu pano. Ndili ndi zaka 31, ndipo kwa zaka ziwiri tsopano msambo wanga sukuyenda bwino. Nthawi zina ndimatha miyezi inayi osaona kanthu, kenako ukabwera umabwera mwamphamvu kwa masiku khumi kapena kupitirira apo. Mwezi watha ndinapita kuchipatala, ndipo atandiyeza mkodzo n'kupeza kuti ndilibe pathupi, dokotala anangonena kuti mahomoni anga asokonekera, n'kundilembera mapiritsi a medroxyprogesterone a 10 mg oti ndizimwa limodzi patsiku kwa masiku khumi. Anthu anali ambiri pamzere, choncho sindinapeze mpata wofunsa zambiri. Ndinamwa monga anandiuzira, ndipo patatha masiku atatu chimwereni piritsi lomaliza, msambo unabweradi. Tsono kodi pamenepa ndiye kuti ndachira? Ine ndi bambo a kunyumba tikufuna mwana. Komanso mlamu wanga wandiopseza kuti mankhwala amenewa amayambitsa khansa ya m'mawere, moti ndikuchita mantha kukawamwanso.

Mzamba Wopuma

Achemwali, mwachita bwino kufunsa, ndipo ndikuyankhani mosabisa: magazi amene munaonawo sakutanthauza kuti mwachira, ngakhale kuti ndi chizindikiro chabwino. Ndifotokoze kaye mmene thupi limagwirira ntchito kuti mumvetse chifukwa chake.

M'masiku oyambirira a mwezi wa mayi, homoni yotchedwa estrogen ndi imene imakulitsa khoma la m'kati mwa chiberekero. Dzira likatuluka m'thumba la mazira, pamalo pamene latulukirapo pamatsala kanthu kachikasu kamene madokotala amakatcha corpus luteum, ndipo kameneka ndi kamene kamapanga homoni ina yotchedwa progesterone kwa masiku pafupifupi 14. Ntchito ya progesterone ndi kuletsa khoma lija kuti lisapitirize kukula, n'kulikhwimitsa kuti likhale lokonzeka kulandira mimba. Mimba ikapanda kukhala, kanthu kachikasu kaja kamafota, progesterone amatsika mwadzidzidzi, ndipo khoma limayoyoka lonse nthawi imodzi. Umenewo ndiye msambo.

Mayi amene dzira lake silikutuluka sapanga progesterone wokwanira. Estrogen amangomanga khomalo mwezi ndi mwezi popanda womuletsa, mpaka limakula mopitirira muyezo n'kuyamba kugumuka lokha pang'onopang'ono, malo ano lero, malo ena mawa. N'chifukwa chake mumakhala miyezi inayi osaona kanthu, kenako n'kutaya magazi kwa masiku khumi osalekeza. Mapiritsi amene munamwa analowa m'malo mwa kanthu kachikasu kaja kwa masiku khumi, ndipo mutawasiya thupi linaona ngati progesterone watsika, khoma n'kuyoyoka. Zimenezi zatiuza kuti estrogen muli naye, kuti chiberekero chanu chikumva mahomoni, komanso kuti njira yotulukira magazi ndi yotseguka. Koma sizinatiuze chifukwa chimene dzira silikutulukira, ndipo mapiritsiwo satulutsa dzira.

Mayi wa Mapasa

Amzamba, zimene mwanenazi ndikanazimva kale sindikanataya chaka chathunthu. Ine ndinkamwa mapiritsi omwewa miyezi itatu iliyonse, ndipo msambo ukabwera ndinkawerenga masiku pakalendala kuti ndidziwe nthawi yoti ndingatenge pathupi, osadziwa kuti ndikuwerengera dzira limene kulibe. Pambuyo pake dokotala wina anandiyeza magazi n'kupeza kuti chithokomiro changa chikugwira ntchito mofooka. Nditayamba kumwa levothyroxine msambo unabwerera wokha popanda mapiritsi ena aliwonse. Choncho achemwali ofunsa, mawu akuti mahomoni asokonekera musakhutire nawo. Mufunse kuti mahomoni ake ati, ndipo asokonekera chifukwa chiyani.

Mzamba Wopuma

Mwalasa pamenepo, amake mapasa. Kusokonekera kwa mahomoni si dzina la matenda, ndi chiyambi chabe cha kufufuza. Mayi akamadumphitsa msambo chonchi, pambuyo poyeza mimba, timafuna kudziwa za chithokomiro, za prolactin amene ndi homoni yopangitsa mkaka ndipo akachuluka amaletsa dzira kutuluka, komanso za matenda otchedwa PCOS, amene amachititsa mazira kuima panjira asanakhwime ndipo ndi ofala kwambiri kwa amayi a msinkhu wanu. Kuonda kwambiri, kunenepa kwambiri, nkhawa yaikulu ndi mankhwala ena a matenda a maganizo nazonso zimaimitsa dzira. Ndikufunseni achemwali: kodi mwaona tsitsi likumera pachibwano kapena pachifuwa, ziphuphu zosatha, kapena mkaka ukutuluka m'mawere pamene simukuyamwitsa?

Wofunsa

Mkaka ayi, amzamba. Koma tsitsi la pachibwano lilipo, ndimalizula ndi kachipanira mlungu uliwonse, ndipo ndinkachita manyazi kumuuza dokotala chifukwa sindinkaganiza kuti likukhudzana ndi msambo. Thupi nalonso lakwera kwambiri m'zaka ziwiri zomwezi.

Wokonda Zachilengedwe

Ine ndikuona kuti tikuthamangira mankhwala opangidwa m'fakitale pamene pali njira yachilengedwe. Pali mafuta odzola opangidwa kuchokera ku chilazi cham'tchire amene amapatsa thupi progesterone weniweni popanda zovuta zonse zimene mapiritsi amabweretsa. Mnzanga amadzola pamkono tsiku lililonse ndipo akuti akumva bwino. Bwanji achemwaliwa asayambe ayesa amenewa?

Wa ku Famase

Mayi, nkhani ya chilazi ili ndi choonadi pang'ono, koma choonadicho chinapotozedwa ndi ogulitsa, ndipo ndi bwino tichiwongole. Chilazi cham'tchire chili ndi chinthu chotchedwa diosgenin. Katswiri wa ku America dzina lake Russell Marker anapeza njira yosandutsira diosgenin kukhala progesterone, ndipo mu 1944 anakhazikitsa nawo kampani ya Syntex mumzinda wa Mexico City kuti azipanga homoniyi kuchokera ku zilazi za m'dziko limenelo. Kusandutsako kumachitika m'labotale, m'magawo angapo ofuna mankhwala ena ndi kutentha. Thupi la munthu lilibe njira yochitira zimenezo. Mukadzola mafuta a chilazi chenichenicho, diosgenin amakhalabe diosgenin. Mafuta ena amathiridwamo progesterone wa m'labotale, koma mlingo umene umalowa kudzera pakhungu ndi wochepa ndiponso wosadalirika, moti sungateteze chiberekero cha mayi amene khoma lake likukula mosaletseka. Kwa achemwali athuwa, kudalira mafuta kungakhale kusiya khomalo lopanda mlonda kwa miyezi yambiri.

Ndiwonjezere za mayina, chifukwa anthu amasokonezeka nawo tsiku ndi tsiku pawindo lathu. Progesterone weniweni anapatulidwa koyamba mu 1934, koma vuto lake linali lakuti ukamumwa, chiwindi chimamuphwanya msanga asanagwire ntchito. N'chifukwa chake akatswiri anayamba kupanga mankhwala ofanana naye amene angapirire ulendo wa m'mimba, ndipo amenewa ndi amene timawatcha ma progestin. Norethisterone anapangidwa pa 15 October 1951 ku Syntex komweko ndi Luis Miramontes, amene panthawiyo anali wophunzira wachinyamata, pansi pa Carl Djerassi ndi George Rosenkranz. Medroxyprogesterone, amene ambiri amamudziwa ndi dzina lakuti Provera, anabwera chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, ndipo dydrogesterone, amene amagulitsidwa ngati Duphaston, anatuluka mu 1961. Pambuyo pake anapeza njira yopera progesterone weniweni kukhala tinthu ting'onoting'ono kwambiri n'kumuika m'mafuta m'kapisozi, monga Utrogestan ndi Prometrium. Ameneyu ndi wofanana ndendende ndi wa m'thupi, komabe nayenso amachokera m'fakitale. Amabweretsa tulo ndi chizungulire, n'chifukwa chake timauza amayi kuti azimwa pogona.

Mankhwala amenewa si amodzi ngakhale ali pa banja limodzi. Norethisterone ndi levonorgestrel ndi achibale a testosterone, homoni yachimuna, choncho kwa amayi ena amawonjezera ziphuphu ndi mafuta pankhope. Mayi amene ali kale ndi tsitsi pachibwano ndi bwino adziwitse dokotala asanamusankhire mtundu.

Wokonda Zachilengedwe

Ndamva, bambo, koma simunayankhe za khansa. Mlamu wawo sananame, ineyo ndinawerengapo kuti kafukufuku wina anaimitsidwa chifukwa cha mankhwala omwewa.

Mphunzitsi wa Anamwino

Munawerenga zoona, mayi, koma tiyeni tione kuti kafukufukuyo anali wa ndani. Ameneyo ndi Women's Health Initiative wa ku United States. Anatenga amayi 16,608 a zaka zapakati pa 50 ndi 79, onse osiya kale kusamba, ndipo theka la iwo ankamwa estrogen pamodzi ndi medroxyprogesterone wa 2.5 mg tsiku lililonse. Mbali imeneyi ya kafukufukuyo inaimitsidwa mu July 2002, patatha zaka zoposa pang'ono zisanu, chifukwa anapeza kuti pa amayi 10,000 alionse omwa mankhwalawo, amayi 8 owonjezera pachaka ankapezeka ndi khansa ya m'mawere poyerekeza ndi osamwa. Magazi kuundana m'mitsempha ndi sitiroko nazonso zinakwera. Chiwerengerocho si chonyozeka, ndipo chinasintha mmene madokotala amaperekera mahomoni kwa amayi osiya kusamba. Koma amayi amenewo anali achikulire, ankamwa mankhwala awiri pamodzi, tsiku ndi tsiku, kwa zaka. Mayi wa zaka 31 amene akumwa piritsi limodzi kwa masiku khumi kapena 14 pa miyezi itatu iliyonse sali m'gulu limenelo.

Chimene mlamu wawo sanawauze ndi chakuti palinso khansa ina imene mankhwala amenewa amaiteteza. M'chaka cha 1975 kunatuluka kafukufuku wosonyeza kuti amayi amene ankapatsidwa estrogen yekha atasiya kusamba ankadwala kwambiri khansa ya khoma la m'kati mwa chiberekero. Kuyambira pamenepo, mayi aliyense amene chiberekero chake chilipo sapatsidwa estrogen popanda progestin kapena progesterone. Mayi amene dzira lake silituluka kwa miyezi yambiri ali pa vuto lofananalo, kungoti estrogen wake akuchokera m'thupi mwake momwe. Khomalo limayamba lakhuthala, kenako maselo ake amatha kusintha maonekedwe, ndipo kwa ena, patapita zaka, imasanduka khansa. Pa chifukwa chimenechi timalangiza kuti mayi wotere asapitirire miyezi itatu osasamba. Kwa ine, kuopa mapiritsiwo n'kusiya khomalo likule ndiko kuli koopsa kwambiri pa nkhani ya achemwali athuwa.

Amene sayenera kumwa ma progestin popanda kukambirana mozama ndi dokotala ndi mayi amene anadwalapo khansa ya m'mawere, amene ali ndi matenda aakulu a chiwindi, amene magazi anamuundanapo m'mwendo kapena m'mapapo, komanso amene akutaya magazi osadziwika chiyambi chake. Gulu lomalizali ndilikhwimitsire: mayi amene anasiya kusamba chaka chapitacho kapena kuposerapo n'kuonanso magazi, ngakhale kadontho kamodzi, sayenera kupatsidwa mapiritsi oletsa magaziwo asanaunikidwe chiberekero.

Mayi wa Zaka 44

Vuto langa ndi losiyana pang'ono ndi la achemwali ofunsa, koma mankhwala ake ndi a banja lomweli, choncho ndiloleni ndinene zimene ndinaona. Msambo wanga unkabwera mwezi uliwonse pa nthawi yake, koma unali wochuluka moti usiku ndinkadzuka kawiri kusintha, ndipo kuntchito ndinkakhala pampando nditayala nsalu yakuda. Magazi anachepa m'thupi mpaka ndinkapuma mwabefu pokwera masitepe ochepa chabe. Poyamba ndinapatsidwa norethisterone woti ndizimwa masiku khumi okha omaliza msambo usanabwere, ndipo kwa miyezi itatu palibe chimene chinasintha. Dokotala wachiwiri anandiuza kuti kamwedwe kameneko sikathandiza mayi amene dzira lake likutuluka bwinobwino, n'kundisinthira kuti ndizimwa 5 mg katatu patsiku kuyambira tsiku la 5 mpaka la 26. Magazi anachepadi kwambiri.

Koma kumwa piritsi katatu patsiku kwa milungu itatu si ntchito yamasewera. Ndinatchera alamu pa foni, ndipo tsiku lina nditaiwala la masana chifukwa cha msonkhano, mawa lake ndinaona timadontho pa kabudula wamkati. Mimba inkatupa, mawere ankawawa ndikangogunda chitseko, ndipo mtima unkandipsa ndi zinthu zosayenera kupsa nazo mtima, moti mwana wanga wamkulu anandifunsa ngati wandilakwira. Patapita miyezi isanu ndinasankha lupu ya mahomoni, ija ya levonorgestrel ya 52 mg. Miyezi inayi yoyamba ndinkangodontha masiku osadziwika ndipo ndinatsala pang'ono kukaichotsa, koma tsopano ndimasamba masiku awiri, pang'ono pokha.

Wa ku Famase

Zimene mwakumana nazo, mayi, ndi zimene ambiri amadandaula: kutupa mimba, kuwawa kwa mawere, mutu, kupsa mtima msanga ndi kudontha pakati pa mwezi. Lupu imakhala yopepukirapo kwa ambiri chifukwa mankhwala ake amagwira ntchito pa khoma la chiberekero pomwepo, ndipo olowa m'magazi amakhala ochepa. Pa norethisterone pali chinthu chimodzi chimene ngakhale ena ogwira ntchito zachipatala amaiwala: thupi limasandutsa kagawo kake kukhala ethinylestradiol, amene ndi estrogen wa m'mapiritsi olera. Pa mlingo wa 15 mg patsiku kagawo kameneko sikochepa, choncho mayi wosuta fodya, wonenepa kwambiri, kapena amene magazi anamuundanapo ayenera kusamala nawo monga angasamalire ndi mapiritsi olera a mahomoni awiri. Mwendo umodzi ukatupa ndi kuwawa, kapena mukamva kupweteka pachifuwa ndi kubanika, musadikire kuti kuche.

Komanso nthawi zonse muziuza dokotala mankhwala ena amene mukumwa. Rifampicin wa chifuwa chachikulu, carbamazepine ndi phenytoin a khunyu, komanso efavirenz wa HIV amachititsa chiwindi kuphwanya ma progestin mofulumira, ndipo mphamvu yawo imachepa.

Bambo Wodera Nkhawa

Pepani kuti ndalowerera nkhani ya amayi, koma ndikufunsira akazi anga. Anapita padera kawiri, ndipo tsopano ali ndi pathupi pa milungu 7 ndipo ayamba kudontha. Kunyumba kuno kwatsala mapiritsi a Provera amene ankamwa chaka chatha. Popeza mukuti progesterone ndi amene amagwira mimba, kodi angayambe kumwa amenewa podikira tsiku lokaonana ndi dokotala?

Mzamba Wopuma

Ayi bambo, asamwe ngakhale limodzi, ndipo musadikire tsiku limene anakupatsani, pitani nawo lero. Medroxyprogesterone ndi norethisterone saperekedwa kwa mayi woyembekezera. Komanso kudontha pa milungu 7 kumafuna sikani kuti aone ngati mimbayo ili m'chiberekero, chifukwa mimba yokhala m'njira yodutsa dzira imayambanso chonchi ndipo ikaphulika imaika moyo pachiswe.

Mphunzitsi wa Anamwino

Ndikugwirizana ndi amzamba, ndipo ndiwonjezere chimene mungakafunse mukafika. Mu 2019 kunatuluka zotsatira za kafukufuku wa PRISM wa ku United Kingdom, amene anatenga amayi oposa 4,000 odontha kumayambiriro kwa mimba. Anagwiritsa ntchito progesterone weniweni uja wa 400 mg, woika kunjira ya amayi kawiri patsiku. Kwa amayi amene sanapitepo padera, phindu silinaoneke kwenikweni, koma kwa amene anapitapo padera m'mbuyomu ana obadwa amoyo anachulukirapo, makamaka kwa amene zinawachitikira katatu kapena kuposa. Potengera zimenezi, bungwe la NICE la m'dziko lomwelo linalangiza mu 2021 kuti mayi amene akudontha, amene anapitapo padera, ndipo sikani yatsimikiza kuti mimba ili m'chiberekero, apatsidwe mankhwalawa mpaka milungu 16. Akazi anu akhoza kukhala m'gulu limeneli, koma ndi dokotala amene angatsimikize ataona sikani.

Bambo Wodera Nkhawa

Zikomo kwambiri amayi. Tikunyamuka tsopano.

Mayi wa Mapasa

Muyende bwino bambo, mutidziwitse. Ndibwerere kwa achemwali ofunsa ndi kanthu kamodzi kamene ndinaiwala. Musasokoneze mapiritsi amene mukumwawo ndi jakisoni wa Depo-Provera, ngakhale mankhwala ake ndi amodzi. Jakisoni uja ndi wa 150 mg, amabayidwa miyezi itatu iliyonse, ndipo ntchito yake ndi kuletsa dzira kutuluka, moti mukausiya pamatha kupita miyezi yambiri, ena mpaka chaka, musanathe kutenga pathupi. Inu amene mukufuna mwana, munthu wina asakuuzeni kuti mubayitse kuti msambo ukhazikike. Kumbali inayi, mapiritsi a masiku khumiwo si njira yolera, ndipo dzira likhoza kutuluka lokha mwezi wina mosayembekezereka.

Wofunsa

Ndabweranso patapita milungu itatu kuti ndikuuzeni mmene zayendera. Ndinalemba papepala mafunso onse amene munandipatsa, ndipo ulendo uno ndinanena za tsitsi la pachibwano ngakhale mawu ankanjenjemera. Anandiyeza magazi, ndipo chithokomiro ndi prolactin zili bwino, koma testosterone ndi wokwera pang'ono ndipo shuga watsala pang'ono kupitirira muyezo. Sikani inaonetsa timatumba tambirimbiri ting'onoting'ono m'mbali mwa thumba la mazira lililonse, ndipo dokotala anati ndi PCOS. Anandifotokozera kuti timatumbato si zotupa zofuna opaleshoni, koma ndi mazira amene anayamba kukula n'kuima panjira. Wandiyambitsa mankhwala a shuga otchedwa metformin, wandilangiza za kuchepetsa thupi, ndipo wati bambo a kunyumba akayezetse umuna kaye, kenako tidzakambirane za letrozole wothandiza dzira kutuluka. Medroxyprogesterone wandilemberanso, woti ndimwe ndikatha miyezi itatu osasamba. Chimene sindinafunse ndi ichi: kodi ndidzadziwa bwanji kuti dzira layamba kutuluka, ndipo msambo ukabwera wokha mwezi wachiwiri, mapiritsiwo ndimwebe?

Mzamba Wopuma

Mwagwira ntchito yabwino, achemwali. Msambo ukabwera wokha, wokwanira bwino osati timadontho chabe, khoma layoyoka ndipo miyezi itatu ija mumayambanso kuiwerenga kuchokera pa tsiku loyamba la msambo umenewo. Mapiritsiwo muwasunge. Ikakwana miyezi itatu popanda kanthu, muyambe mwayeza mimba musanamwe piritsi loyamba, nthawi iliyonse, ngakhale mutakhala otsimikiza kuti mulibe, chifukwa metformin ndi kutsika kwa thupi zimatha kudzutsa dzira inu osadziwa.

Za dzira, njira yodalirika ndi kuyeza progesterone wanu m'magazi patatsala masiku 7 kuti msambo ubwere. Ambiri amati tsiku la 21, koma limenelo ndi la mayi amene mwezi wake uli ndi masiku 28. Ngati wanu uli ndi masiku 35, muyezetse pa tsiku la 28, apo ayi zotsatira zidzaoneka zotsika pamene dzira linangochedwa. Timitengo toyezera mkodzo kunyumba timanamiza amayi ambiri a PCOS, chifukwa homoni ya LH imene timayeza, imene imayenera kukwera dzira likatsala pang'ono kutuluka, imakhala yokwera kale mwa iwo. Mukayamba letrozole, dokotala adzakuuzani tsiku loyezetsa malinga ndi tsiku limene mwayambira kumwa, choncho muzilemba tsiku loyamba la msambo uliwonse, ndipo pambali pake muzilemba ngati unabwera wokha kapena unabwera ndi mapiritsi.